Tsitsi lisatiletse kulowa m'madzi

Akonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene ambiri angaione ngati yaing'ono, koma imene ine, monga mayi amene ndakhala ndikuluka ndi kusamalira tsitsi la anzanga kwa zaka zambiri, ndimaona kuti ikuwamana amayi ndi atsikana chinthu chofunika pa moyo wawo. Masiku ano mabanja ambiri akapeza mpata wa tsiku limodzi kapena awiri safunanso ulendo wautali wowatha mphamvu, koma amasankha malo ogona alendo apafupi amene ali ndi dziwe losambiramo, n'kukapumulako mpaka dzuwa litapendeka. Chizolowezi chimenechi ndi chabwino ndipo sindikuchitsutsa. Chimene chimandiwawa ndi zimene ndimaona ndikafika kumalo oterowo: abambo ndi anyamata amakhala ali khuvukhuvu m'madzi, pamene amayi ndi atsikana amakhala atandandalika m'mphepete, mapazi okha ndiwo ali m'madzi, ndipo mwana akadumphira pafupi onse amathamangitsira manja kumutu. Mukawafunsa chifukwa chake, yankho limakhala lomwelomwelo, lakuti angolukitsa kumene.

Chimene chandichititsa kulemba kalatayi ndi mwana wa mng'ono wanga, mtsikana wa zaka 9, amene tinapita naye kumalo ena otere pa tchuthi chapitachi. Mwanayo anakhala tsiku lonse atakumbatira mawondo pambali pa dziwe, akuyang'ana alongo ake akuphunzira kuyandama, chifukwa mayi ake anali atamuuza kuti akangonyowetsa mutu adzaona chimene chinameta nkhanga mpala. Mng'ono wangayo sindimuda, pakuti ndikudziwa maola amene mwana amakhala pampando kuti mutu umalizike, ndipo ndikudziwanso kuti ndalama yolukitsira sititola pansi. Koma ndinamufunsa funso limene ndikufuna kufunsanso owerenga anu: kodi tinapitiranji ku dziwe ngati theka la banja likangokhala oonerera?

Nkhaniyi si ya chisangalalo chokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Ku America, kafukufuku wa bungwe la USA Swimming Foundation wa m'chaka cha 2017 anapeza kuti ana 64 mwa 100 alionse achikuda sadziwa kusambira kapena amangodziwa pang'ono, poyerekeza ndi ana 40 mwa 100 alionse achizungu. Zifukwa zake kumeneko n'zambiri, kuphatikizapo mbiri ya tsankho imene inkatsekera anthu akuda kunja kwa maiwe osambiramo, koma nkhawa ya tsitsi nayo imatchulidwa. Mtsikana amene waphunzitsidwa kuyambira ali wamng'ono kuti madzi ndi mdani wa mutu wake amakula osadziwa kusambira, ndipo tsiku limene bwato lidzagwedezeka kapena mwana wake adzaterereka, mameshi okongolawo sadzamuthandiza kanthu. Dziwe lapafupi, lokhala ndi mbali yosaya komanso munthu woyang'anira osambira, ndiwo malo abwino koposa ophunzirirapo luso limeneli.

Tsono tiyeni tione chimene chimachitikadi tsitsi likalowa m'dziwe, chifukwa mantha ambiri amabwera poti sitikudziwa mdani wathu. Eni maiwe amathira mankhwala a klorini m'madzi kuti aphe tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba, a pakhungu ndi a m'makutu, ndipo mulingo wake wamba ndi miligalamu 1 mpaka 3 pa lita imodzi ya madzi. Popanda mankhwala amenewa palibe munthu wanzeru amene angalowe m'madzi osayenda omwe anthu makumimakumi asambiramo. Vuto ndi lakuti klorini sasankha: mphamvu yomwe amaphera tizilombo ndi yomwenso amakokololera mafuta achilengedwe amene khungu la kumutu limatulutsa kuti tsitsi likhale lofewa. Tsitsi lililonse, ngakhale limaoneka losalala ndi maso, lili ndi timamba tosanjikizana ngati ta nsomba. Timamba timeneti tikagona bwino, tsitsi limawala ndipo limasunga chinyezi. Tikadzuka, tsitsi limakhakhala, limakolana ndipo limathothoka pa chipeso. Madzi a m'dziwe amasungidwa pa mulingo wa pH (muyezo wosonyeza kuchuluka kapena kuchepa kwa asidi m'chinthu) wa pakati pa 7.2 ndi 7.8, pamene tsitsi ndi khungu la kumutu zimakhala bwino cha m'ma 4.5 mpaka 5.5, ndiye kukhala nthawi yaitali m'madzi oterowo kumadzutsa timamba tija n'kutsegulira klorini khomo.

Tsitsi lopotana kwambiri limavutika kuposa lowongoka pa chifukwa chomveka. Mafuta achilengedwe amatsetsereka mosavuta pa tsitsi lowongoka kuchokera kumizu kukafika kunsonga, koma pa tsitsi lopotana amakakamira m'njira, motero nsonga zake zimakhala zouma kale ngakhale munthu asanaone dziwe. Komanso paliponse pamene tsitsi lapindika pamakhala pofooka, posavuta kuduka. Tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala ndilo lili pa ngozi yaikulu, pakuti mankhwala ambiri owongolera ali ndi soda wamphamvu amene amathyola dala zomangira za m'kati mwa tsitsi kuti ligone, ndipo lopakidwa utoto wowalitsa nalonso limakhala litabooka kale. Kwa amene wangowongoletsa kumene, langizo langa ndi lakuti adikire sabata imodzi asanamize mutu, kapena akonze ulendo wake kuti kuwongoletsako kubwere akabwerako.

Pali mphekesera ina imene ndimaimva kawirikawiri, yakuti klorini amasandutsa tsitsi kukhala lobiriwira. Chimene chimabiriwitsa tsitsi ndi mkuwa, umene umalowa m'madzi kuchokera ku mapaipi kapena ku mankhwala ena ophera ndere, ndipo umaonekera pa tsitsi loyera kapena lowalitsidwa ndi mankhwala basi. Mwini tsitsi lakuda asataye tulo ndi zimenezo. Enanso amanyengedwa ndi mawu akuti dziwe lakutilakuti ndi la madzi amchere ndipo mulibe klorini. Maiwe amenewo ali ndi makina amene amagwiritsa ntchito magetsi kusandutsa mcherewo kukhala klorini yemweyo, choncho chisamaliro chake n'chimodzimodzi.

Njira yoyamba yodzitetezera ndi yosalira ndalama, koma ndi imene anthu ambiri amaidumpha. Tsitsi lili ngati chinkhupule: louma limamwa madzi alionse amene lakumana nawo poyamba, koma likakhuta silimwanso ambiri. Munthu akaima pansi pa shawa n'kunyowetsa mutu wonse ndi madzi abwino asanalowe m'dziwe, tsitsi lake limalowa litakhuta kale, ndipo madzi a klorini amapeza malo ochepa. Pamwamba pake angathe kupaka kondishona pang'ono kapena timafuta ta kokonati, amene amadziwika kuti amalowa m'kati mwa tsitsi ndi kuchepetsa kufufuma kwake likanyowa. Ndanena kuti pang'ono, ndipo ndikubwereza, chifukwa ndinaonapo mayi wina atadzola mafuta ochuluka moti pamwamba pa madzi panayandama utawaleza, anzake onse n'kumatuluka akudandaula. Mafuta ochuluka amadetsa madzi, amatseka sefa ya dziwe ndipo amatereretsa chipewa chosambirira kuti chivuke. Tsitsi lachilengedwe lisalowe m'madzi lili lomasuka, koma lilukidwe mizere ingapo ikuluikulu kapena lipotedwe, kuti lisakolane pamene munthu akusambira.

Za chipewa chosambirira ndiyenera kunena zoona, pakuti ambiri amachigula ndi chiyembekezo cholakwika n'kukhumudwa. Chipewachi sichinapangidwe kuti mutu ukhale wouma. Madzi amalowabe m'mbali mwa makutu ndi pankhongo. Ntchito yake ndi kuchepetsa madzi oyenderera m'tsitsi, kuliunjika pamodzi ndi kuliletsa kugwera m'dziwe. Cha silikoni ndi chabwino kuposa cha labala wopyapyala, chifukwa sichikoka tsitsi la m'mbali povala ndi povula, ndipo cha nsalu chimangolowetsa madzi onse. Vuto lalikulu linali lakuti kwa zaka zambiri zipewa zinkapangidwa za msinkhu umodzi, woganizira tsitsi logona, motero mwini mameshi aatali, madiredi kapena tsitsi lachilengedwe lambiri ankalephera kulilowetsa. Owerenga ena akumbukira kuti m'chaka cha 2021, masewero a Olimpiki a ku Tokyo atayandikira, bungwe loyendetsa masewero osambira padziko lonse, limene panthawiyo linkatchedwa FINA, linakana chipewa chachikulu cha kampani ya ku Britain ya Soul Cap ponena kuti sichitsatira maonekedwe achibadwa a mutu. Anthu ambiri anadandaula, makamaka poti chaka chomwecho Alice Dearing anakhala mayi woyamba wachikuda kuimira Britain pa kusambira ku Olimpiki, ndipo mu Seputembala 2022 bungwelo linasintha maganizo n'kuvomereza chipewacho. Ngati akuluakulu a masewero padziko lonse anavomera kuti analakwitsa, sindikuona chifukwa chimene woyang'anira dziwe la pamalo ogona alendo angabwezere mtsikana wovala chipewa chachikulu, monga ndinaonera tsiku lina pamalo ena amene sindiwatchula.

Nkhondo yeniyeni, komabe, imamenyedwa munthu atatuluka m'madzi. Klorini wotsalira m'tsitsi amapitiriza ntchito yake pamene tsitsilo likuuma padzuwa, ndiye amene amatuluka m'dziwe n'kukagona pampando maola awiri asanatsukuluze mutu akudziwononga yekha. Kutsukuluza ndi madzi abwino ambiri nthawi yomweyo ndiko kofunika kuposa mankhwala alionse odula. Madzulo ake, munthu akamaliza kusambira kwa tsikulo, atsuke ndi shampu yofatsa, kenako apake kondishona n'kuisiya mphindi zingapo. Pali mashampu opangidwira osambira, ndipo ena mwa iwo ali ndi vitamini C, amene amathetsa mphamvu ya klorini, koma kwa munthu wopita ku dziwe kamodzi pa mwezi shampu wamba wosakalipa ndi wokwanira. Tsitsi lonyowa limatamuka ndipo limaduka msanga, choncho lipesedwe ndi zala kapena chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kukwera kumizu, kondishona ikadali momwemo. Kulipukuta mokhula ndi thaulo n'kulakwa. Lifinyidwe pang'onopang'ono, ndipo malaya akale a thonje amagwira bwino ntchitoyi kuposa thaulo lokhakhala.

Pano ndiime pang'ono pa nkhani ya mameshi, chifukwa ndi pamene ndimaona zolakwika zambiri pa ntchito yanga. Zoona zake n'zakuti kuluka ndi njira imodzi yabwino kwambiri yopitira ku dziwe, ndipo mameshi opangidwa ndi ulusi wa pulasitiki saonongeka ndi klorini monga tsitsi lenileni. Chimene chimaononga ndi kusaumitsa. Kunja kwa cholukacho kumauma msanga ndipo mwini wake amaganiza kuti zatha, n'kumanga mutu wonse pamodzi kapena kuuphimba ndi mpango n'kukagona, pamene m'kati, pafupi ndi khungu, mudakali chinyezi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pakapita masiku awiri kapena atatu mutu umayamba kununkha chuku, kuyabwa kumayamba, mfundu zimachuluka, ndipo mayiyo amabwera ku saluni akuloza chala dziwe pamene wolakwa ndi mpango wake. Mameshi onyowa afinyidwe kuchokera kumizu kutsika, asiyidwe omasuka pamphepo mpaka chala chikalowa pansi pake chituluke chouma, ndipo ngati nthawi yachepa agwiritse ntchito chowumitsira tsitsi pa mpweya wofunda pang'ono, osati wotentha. N'chifukwa chake ndimalangiza anthu oluka kuti azisambira m'mawa kapena masana, osati dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Madiredi amafuna kuleza mtima koposa apa, pakuti amasunga madzi kwa maola ambiri.

Chinanso n'chakuti mameshi akanyowa amalemera, ndipo kulemerako kumakoka mizu, makamaka ya tsitsi la pamphumi ndi m'mbali limene ndi lofooka kale. Kukokedwa kosalekeza kumeneku ndiko kumabweretsa dazi la m'mbali limene timaliona pa amayi ambiri, ndipo likakhalitsa mizu imafa osameranso. Amene akudziwa kuti ali ndi ulendo wa ku dziwe auze womuluka kuti asamange kwambiri ndiponso asatalikitse mopitirira. Ife oluka tili ndi mlandu wathu pano, chifukwa ambiri a ife timayesa ubwino wa ntchito ndi kulimba kwake, mpaka mwana amalephera kutseka maso bwinobwino usiku woyamba. Ndiponso cholukacho chisapitirire milungu 6 mpaka 8 chili pamutu. Pomasula, munthu asadzidzimuke akaona tsitsi lambiri m'manja n'kunena kuti klorini wamumeta. Munthu aliyense amataya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku, ndipo likakhala lolukidwa limasowa kogwera, motero la milungu yonseyo limatuluka tsiku limodzi.

Wigi ndi wivi yomatidwa ndi guluu sizigwirizana ndi dziwe, ndipo apa sindinyengerera. Guluu amasungunuka, ndipo manyazi othamangitsa wigi yoyandama ndi aakulu kuposa ovula mwaulemu m'chipinda, n'kulowa m'madzi ndi mizere ya pansi ndi chipewa.

Ulendo weniweniwo ulinso ndi zake, ngakhale munthu asanaone madzi. Fumbi la pamsewu ndi mphepo ya pawindo zimaumitsa tsitsi, ndipo chotsamira cha mpando chimalikhula kumbuyo kwa maola onse a ulendo. M'ndege mpweya umakhala wouma kwambiri, nthawi zambiri chinyezi chake chimatsika pansi pa 20 peresenti. Mankhwala a zonsezi ndi kansalu kamodzi koterera, ka satini kapena silika, kamene kamalowa m'thumba la m'manja. Kansalu komweko n'kofunikanso usiku, chifukwa mapilo a kumalo ogona alendo amakutidwa ndi nsalu ya thonje yochapidwa ndi sopo wamphamvu, imene imamwa mafuta a m'tsitsi ndi kulikhula munthu akamatembenuka. Timabotolo ta shampu timene amaika m'zipinda ndi tosadalirika kwa mwini tsitsi louma, pakuti tambiri timachotsa mafuta onse. Ndi bwino kutapa zimene mumagwiritsa ntchito kunyumba n'kuika m'timabotolo tating'ono. Okwera ndege akumbukire kuti kuyambira mu 2006 mabwalo ambiri a ndege salola zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 pa botolo m'chikwama cha m'manja, ndipo botolo lalikulu la mafuta limathera m'bini ya pachipata mwini wake akuona. Kabotolo kopopera kokhala ndi madzi osakaniza ndi kondishona pang'ono n'kokwanira kudzutsa tsitsi m'mawa uliwonse, ndipo kamaposa kuunjika mafuta pamwamba pa mafuta, kumene kumangoitana fumbi.

Madzi a kumalo ena ndi olimba, kutanthauza kuti ali ndi laimu wambiri, ndipo mudzawazindikira poona kuti sopo sachita thovu msanga. Madzi otere amasiya tsitsi lolimba ngati udzu, koma kwa masiku awiri si nkhani yodetsa nkhawa, ndipo kutsukuluza komaliza ndi madzi akumwa a m'botolo kumathandiza. Chimene ndimaopa kwambiri pa maulendo a gulu ndi kubwerekana zipeso, zipewa ndi mataulo pakati pa ana, chifukwa ndi mmene chipere ndi nsabwe zimayendera kuchoka pamutu wina kupita pa wina, ndipo klorini wa m'dziwe sapha nsabwe. Mwana aliyense akhale ndi zake. Pobwerera, chipewa ndi thaulo zonyowa zisatsekeredwe m'jumbo mpaka mawa, koma zitsukuluzidwe ndi kuyanikidwa pamthunzi mukangofika.

Mawu anga otsala akupita kwa eni malo okhala ndi maiwe, pakuti zambiri zimene ndalangiza pamwambapa sizitheka popanda iwo. N'zomvetsa chisoni kupeza dziwe lokongola, lozunguliridwa ndi maluwa ndi mipando, koma shawa yake ya panja ndi yakufa kapena kulibiretu, motero mlendo amene sanalipire chipinda alibe potsukuluzira mutu. Shawa imeneyo imathandizanso mwini dziwe. Fungo lamphamvu limene anthu amati ndi la klorini, limodzi ndi kufiira kwa maso, sizichokera kwa klorini woyera ayi, koma zimabwera klorini akasakanikirana ndi thukuta, mkodzo ndi zodzola za osambira. Dziwe lonunkha kwambiri mankhwala ndi dziwe lakuda, ndipo alendo akamasamba asanalowe, mankhwala ochepa amagwira ntchito yaikulu. Ndikupempha kuti madzi aziyezedwa tsiku ndi tsiku m'malo mongokhuthulira mankhwala mwachiyerekezo Lachisanu madzulo poyembekezera khamu la Loweruka, kuti m'chipinda chosinthira zovala mukhale soketi yogwira ntchito ndi galasi, ndiponso kuti pamalo olandirira alendo pazipezeka zipewa zosambirira za misinkhu yosiyanasiyana, kuphatikizapo zazikulu zokwana mameshi ndi madiredi.

Mwana wa mng'ono wanga uja ndamulonjeza kuti tchuthi chikubwerachi ndidzamuluka ndekha mizere isanu ndi umodzi yopanda mameshi, ntchito ya theka la ola, ndipo tidzabwerera ku dziwe lomwe lija m'mawa kuti pofika madzulo mutu udzakhale utauma. Mayi ake avomera, ngakhale monyinyirika, ndipo ndawagulira chipewa chawo nawonso.

Ndine wowerenga wanu,
Mayi woluka tsitsi